John Kerry, Nkhondo ya ku Iraq ndi Chisankho cha 2004: Mafunso ndi Mayankho

Pa 2 Novembala 2004 anthu a ku America anaponya voti dziko lawo lili pankhondo. Mbali ina kunali pulezidenti George W. Bush wa chipani cha Republican, amene anatumiza asilikali ku Iraq. Mbali inayo kunali John Kerry wa chipani cha Democratic, munthu yemwe anamenyapo nkhondo yeniyeni ku Vietnam n'kubwerako ndi mamendulo. Pofika tsiku lovota, amene anthu ambiri ankamukayikira pa nkhani ya kulimba mtima anali msilikali wakaleyo, osati Bush.

Kodi John Kerry anali ndani asanalowe mu mpikisanowu?

Anabadwa mu 1943, anaphunzira pa yunivesite ya Yale, ndipo atamaliza mu 1966 analowa usilikali wa pamadzi. Kumapeto kwa 1968 anayamba kutsogolera timaboti tothamanga tomwe tinkalondera mitsinje ya kumwera kwa Vietnam. Anagwira ntchitoyi pafupifupi miyezi inayi. M'nthawi yochepayo anapatsidwa mendulo ya Silver Star, ina ya Bronze Star, komanso mamendulo atatu a Purple Heart omwe amaperekedwa kwa msilikali wovulala pankhondo. Lamulo la nthawiyo linkalola wovulala katatu kupempha kuti achoke kumalo omenyanako, ndipo iye anapempha.

Atabwerera kwawo anasanduka mmodzi mwa otsutsa nkhondoyo odziwika kwambiri. Pa 22 Epulo 1971, ali ndi zaka 27, anakaonekera pamaso pa komiti ya Senate, nyumba yaikulu ya malamulo, yoona za ubale ndi mayiko ena, ndipo anafunsa funso lomwe anthu amalikumbukirabe: munthu ungamupemphe bwanji kuti akhale womaliza kufera cholakwa? Anafotokozanso zomwe asilikali anzake anaulula pa msonkhano wina ku Detroit, zoti ena mwa iwo ankagwiririra akazi, kuzunza anthu ndi kutentha midzi. Kuyambira 1985 anali seneta woimira Massachusetts.

Choncho mwa munthu mmodzi munali mbiri ziwiri: ya msilikali wolimba mtima ndi ya wotsutsa nkhondo. Mu 2004 anasankha kuonetsa yoyambayo n'kuika yachiwiriyo kumbuyo kwa chitseko. Adani ake anachitsegula chitsekocho.

Nanga mkangano wopita ku Iraq unali pa chiyani kwenikweni?

Zigawenga za al-Qaeda zitapha anthu pafupifupi 3,000 pa 11 Seputembala 2001, America inaukira Afghanistan, ndipo anthu ochepa okha ndi amene anatsutsa. Za Iraq zinali zina. Boma la Bush linkanena kuti Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, akubisa zida za poizoni ndi za tizilombo toyambitsa matenda, akufunafuna bomba la nyukiliya, ndipo angathe kupereka zidazi kwa zigawenga. Otsutsa ankati umboni wake ndi wosakwanira, Iraq sinakhudzidwe ndi zomwe zinachitika pa 11 Seputembala, ndipo akatswiri ofufuza zida apatsidwe nthawi yomaliza ntchito.

Mu Novembala 2002 bungwe la United Nations linagwirizana zotumizanso ofufuzawo ku Iraq, motsogoleredwa ndi Hans Blix ndi Mohamed ElBaradei. Pa 5 Febuluwale 2003 Colin Powell, nduna yoona za kunja, anakalankhula ku khonsolo ya chitetezo ya bungweli atanyamula zithunzi ndi matepi. Masiku khumi pambuyo pake anthu mamiliyoni anachita zionetsero ku London, Rome, Madrid ndi mizinda ina yambiri. France, Germany ndi Russia anakana nkhondoyo. Nelson Mandela anadzudzula Bush poyera kuti ndi mtsogoleri wosaona patali. Mayiko atatu a mu Africa omwe anali mu khonsoloyo chaka chimenecho, Angola, Cameroon ndi Guinea, anakokedwa uku ndi uku ndi mbali zonse ziwiri zofuna mavoti awo. America ndi Britain ataona kuti sapeza mavoti okwanira, anangosiya zopempha chilolezo chachiwiri. Nkhondo inayamba pa 20 Malichi 2003, ndipo Baghdad inagwa pa 9 Epulo.

Zida zija sizinapezeke. David Kay, yemwe boma la America lomwelo linamutuma kukazifufuza, anauza maseneta mu Januwale 2004 kuti pafupifupi onse analakwitsa.

Ndiye Kerry anavomereza nkhondoyo kapena anaikana?

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mu Seputembala 2002 Bush anapempha nyumba zonse ziwiri za malamulo kuti zimupatse mphamvu yogwiritsa ntchito asilikali ku Iraq, ndipo voti inachitika mu Okutobala. Ku nyumba yaing'ono aphungu 296 anavomera, 133 anakana. Ku Senate anavomera ndi 77, okana 23. Kerry anali mwa ovomerawo, limodzi ndi Hillary Clinton, Joe Biden ndi John Edwards. Seneta mnzake wa ku Massachusetts komweko, Ted Kennedy, anakana.

Kerry nthawi zonse ankafotokoza kuti sanavotere nkhondo, koma anavotera kupatsa pulezidenti chikwapu choopsezera Saddam kuti alole ofufuza zida kulowa. Ankati ankayembekezera kuti Bush adutsa ku United Nations, asonkhanitsa mayiko ambiri, ndipo amenya nkhondo pokhapokha njira zina zonse zitalephera. Mawu amenewa anawanenadi m'nyumba ya Senate asanavote, si ongopeka pambuyo pake. Koma chikalata chomwe anavomereza sichinamange Bush manja mwanjira imeneyo. Ukapatsa munthu mfuti yodzaza zipolopolo n'kumuuza kuti angoopsezera, sungadabwe kwambiri ikalira.

Pali china chomwe ine ndimachiona kuti sichingasiyidwe. Mu Januwale 1991 Kerry anakana kuloleza nkhondo yochotsa Iraq ku Kuwait. Nkhondo imeneyo inatha msanga ndipo anthu a ku America anaikonda, moti ambiri mwa amene anaikana anaoneka ngati analakwitsa. Mu 2002 voti inachitika kutatsala milungu yosakwana inayi kuti kukhale chisankho cha aphungu, mabala a 11 Seputembala akadali aawisi. Seneta aliyense wa Democratic amene ankasirira mpando wa pulezidenti ankaopa kutchedwa wofooka. Mtima wa munthu sitingauone, koma n'zochititsa chidwi kuti maseneta a chipanichi amene anali ndi maloto a White House, ambiri anapezeka mbali imodzi.

Ngati anavomereza, n'chifukwa chiyani chipani chodzaza ndi anthu odana ndi nkhondoyo chinamusankha?

Chifukwa chofuna kupambana. M'chaka cha 2003 amene ankatsogola mu chipani anali Howard Dean, bwanamkubwa wakale wa Vermont, yemwe anakana nkhondoyo mosapita m'mbali kuyambira pachiyambi. Kampeni ya Kerry inafika poti ikumira, mpaka iye anakatenga ngongole poika nyumba yake ya ku Boston ngati chikole. Koma pamene mamembala a chipani anayamba kuvota ku Iowa pa 19 Januwale 2004, ambiri anadzifunsa kuti ndani angalimbane ndi Bush pa nkhani ya chitetezo. Masiku awiri voti isanachitike, pa msonkhano wa Kerry panatulukira Jim Rassmann, msilikali amene Kerry anamuvuula mumtsinje ku Vietnam mu Malichi 1969. Awiriwa anali asanaonane kwa zaka zoposa 30. Anakumbatirana makamera akujambula. Kerry anapambana ku Iowa, Dean anakhala wachitatu, ndipo mpikisano unangotsala pang'ono kutheratu pomwepo.

Chipani chinaganiza kuti munthu wa mamendulo palibe angamunene kuti ndi wamantha. Pa msonkhano waukulu wa chipani ku Boston mu Julayi, Kerry anakwera pansanja, anamenya sawatcha, n'kunena kuti iye ndi John Kerry ndipo wabwera kudzayamba ntchito, monga amanenera msilikali kwa mkulu wake. Anzake a m'boti anali naye pomwepo. Za Vietnam zinakambidwa kwambiri sabata imeneyo. Zoti adzachita chiyani ndi Iraq zinamveka mwa apo ndi apo.

Kodi nkhani ya madola 87 biliyoni inali yotani?

Mu Seputembala 2003 Bush anapempha madola 87 biliyoni oyendetsera nkhondo ku Iraq ndi ku Afghanistan komanso omangiranso mayikowa. Kerry anagwirizana ndi ganizo loti ndalamazo zipezeke pobwezeretsa misonkho ya anthu olemera kwambiri yomwe Bush anachepetsa. Ganizolo litagwa, iye anakana bilu yonse. Imeneyo inali nthawi imene Dean ankamuthina kwambiri.

Mu Malichi 2004, ali ku West Virginia, anayesa kufotokoza zimenezi ndipo anati: "Kunena zoona, ndinavotera madola 87 biliyoniwo ndisanawavotere mokana." Kwa munthu wodziwa m'mene nyumba ya malamulo imagwirira ntchito, mawuwa ndi omveka: panali mavoti awiri osiyana. Kwa munthu wamba womvera kunyumba, anali mawu a bilimankhwe. A Republican anawaulutsa pa wailesi yakanema mobwerezabwereza, ndipo pamisonkhano ya Bush anthu ankaimba monyoza kuti Kerry ndi wotembenukatembenuka. Funso lawo linali losavuta: wavomereza kuti anyamata apite kunkhondo, kenako wakana ndalama zowagulira zovala zotchinga zipolopolo?

Zinthu zinaipiraipira mu Ogasiti. Bush anamupanikiza kuti ayankhe inde kapena ayi: akanadziwa kuti zida zija kulibe, akanavotabe chimodzimodzi? Ali ku Grand Canyon, Kerry anayankha kuti inde, akanaperekabe mphamvuyo, koma iye akanaigwiritsa ntchito mosiyana. Kumayambiriro kwa Seputembala anayamba kunena kuti iyi ndi nkhondo yolakwika, pamalo olakwika, panthawi yolakwika. Mapanga awiri avumbwitsa. Ankafuna mavoti a odana ndi nkhondo popanda kutaya a ogwirizana nayo, ndipo mvula inamupeza pakati.

Gulu la Swift Boat Veterans for Truth linali la ndani, ndipo zomwe linkanena zinali zoona?

Linali gulu la asilikali akale omwe anagwirako ntchito pa maboti a mtundu womwewo ku Vietnam. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali John O'Neill, loya wa ku Texas amene anatsutsanapo ndi Kerry pa wailesi yakanema kale mu 1971. Ndalama zambiri zinachokera kwa mpondamatiki za ku Texas zokonda chipani cha Republican, monga Bob Perry ndi T. Boone Pickens. Kumayambiriro kwa Ogasiti 2004 anatulutsa uthenga woyamba pa wailesi yakanema wonena kuti Kerry ananama kuti apeze mamendulo: mabala ake anali timikwingwirima chabe, ndipo tsiku limene anavuula Rassmann kunalibe adani owombera.

Atolankhani atafufuza, zambiri mwa zonenazi zinagwa. Zikalata za asilikali a pamadzi zinagwirizana ndi mbali ya Kerry. Mmodzi mwa omunenawo, Larry Thurlow, nayenso analandira Bronze Star pa tsiku lomwelo, ndipo chikalata cha mendulo yake chinanena kuti mabotiwo ankawomberedwa. William Rood, mkonzi wa nyuzipepala ya Chicago Tribune yemwe ankatsogolera boti lina tsiku limene Kerry anapezera Silver Star, anasiya kukhala chete n'kulemba zomwe anaona, zogwirizana ndi Kerry. Anthu amene anali m'boti limodzi ndi Kerry anamuikira kumbuyo onse kupatula mmodzi. Mu Seputembala mkulu wofufuza madandaulo m'gulu la asilikali a pamadzi ananena kuti mamendulowo anaperekedwa motsata ndondomeko. Ngakhale John McCain wa Republican, amene anakhala mkaidi ku Vietnam zaka zoposa zisanu, anati uthenga woyambawo unali wabodza ndi wochititsa manyazi.

Koma uthenga wawo wachiwiri unali wosiyana. Sunapeke kanthu, unangotenga mawu a Kerry a mu 1971 onena za nkhanza za asilikali, n'kudula poyambira pamene iye ankanena kuti akubwereza zomwe ena anaulula. Asilikali akale ambiri anali ndi mkwiyo weniweni pa mawu amenewo, chifukwa ankaona ngati anawapaka matope onse pamodzi, ena akadali m'ndende za ku Hanoi. Chilonda chenicheni chinali chimenechi. Nkhani ya mamendulo inali njira yongofikira pa icho.

Ngati zambiri zinali zabodza, zinamuvulaza bwanji?

Choyamba, anachedwa kuyankha. Alangizi ake anaganiza kuti kuyankha n'kukuza nkhani, ndipo panapita pafupifupi milungu iwiri iye asanalankhulepo mwamphamvu. Uthengawo unagulidwa m'madera ochepa okha, koma mawailesi akanema a nkhani anaubwereza kwaulere tsiku ndi tsiku, akuitana mbali ziwiri kuti zikangane ngati kuti umboni uli wofanana. Pa msonkhano waukulu wa Republican ku New York, ena mwa nthumwi anadzimata timabandeji tojambulidwa mtima wofiirira ponyoza mabala ake.

Chachiwiri, ndipo kwa ine chachikulu, Kerry anamanga nyumba yake yonse pa mzati umodzi. Akanakhala ndi yankho lomveka pa za Iraq, nkhani ya mu 1969 ikanangodutsa. Koma iye anapereka mbiri yake ya usilikali m'malo mwa yankho: mundikhulupirire pa nkhondo iyi chifukwa ndinamenya ija. Munthu akatero, aliyense wofuna kumugwetsa amadziwa pomenya. Wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Kuyambira chaka chimenecho, ku America kunabadwa mawu ochokera ku dzina la gululi, otanthauza kuwononga mbiri ya munthu pomuukira pamene akuoneka wamphamvu kwambiri.

Nanga Bush sanafunsidwe za kumene iye anali nthawi ya Vietnam?

Anafunsidwa. Bush analowa gulu la asilikali a ndege la Texas Air National Guard, lomwe nthawi imeneyo linali njira yodziwika yopewera kutumizidwa ku Vietnam, ndipo panali mafunso ngati anakwaniritsa ntchito yake yonse. Wachiwiri wake, Dick Cheney, anapatsidwa chilolezo chozengereza usilikali kasanu. Koma mu Seputembala 2004 wailesi yakanema ya CBS inaulutsa nkhaniyi pogwiritsa ntchito zikalata zomwe inalephera kutsimikiza kuti n'zenizeni. Nkhani inatembenuka: m'malo mokamba za Bush, anthu anayamba kukamba za CBS ndi mtolankhani wake Dan Rather, yemwe anasiya kuwerenga nkhani za madzulo chaka chotsatira.

Komanso Bush sankadzigulitsa ngati ngwazi ya ku Vietnam. Chithunzi chake chinali cha munthu ataima pa mabwinja a nyumba zomwe zinagwa ku New York pa 11 Seputembala, atagwira chokuzira mawu. Ngakhale chikwangwani chonena kuti ntchito yatheka, chomwe chinali kumbuyo kwake pa sitima yankhondo ya Abraham Lincoln pa 1 Meyi 2003, chinadzasanduka chitonzo, uthenga wake sunasinthe: mungatsutsane nane, koma mukudziwa pamene ndaima.

Kodi chuma chake ndi mkazi wake zinalowa bwanji mu nkhani ya nkhondo?

Zinalowa ngati umboni woti si "munthu wathu". Kerry amalankhula Chifalansa ndipo ali ndi abale ku France, pa nthawi imene dzikolo linkadedwa chifukwa chokana nkhondo, mpaka malo odyera a aphungu ku Washington anachotsa dzina la France pa tchipisi, zomwe ku America amazitcha "French fries". Mkazi wake, Teresa Heinz Kerry, anabadwira ku Mozambique, mu mzinda womwe lero ndi Maputo, ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Anali wolemera kwambiri chifukwa cha chuma cha mwamuna wake woyamba, seneta John Heinz wa banja la kampani ya Heinz. Atajambulidwa Kerry akuchita masewera oyandama panyanja ndi thanga kufupi ndi chilumba cha Nantucket, a kampeni ya Bush anapanga uthenga womuonetsa akupita uku, kenako uko, kulikonse kumene mphepo yalowera. Chithunzi chimodzi chinanena zinthu ziwiri: ndi wa masewera a anthu olemera, ndipo alibe poima. Bush nayenso ndi mwana wa banja lolemera, wophunzira ku Yale komweko, koma iye ankajambulidwa akudula zitsamba pa famu yake ku Texas.

Pa mitsutso ya pa wailesi yakanema zinayenda bwanji?

Kumeneko Kerry anachita bwino. Pa mtsutso woyamba ku Florida pa 30 Seputembala analankhula mwachidule ndi momveka, ndipo anati Bush anasiya kusaka Osama bin Laden, mtsogoleri wa al-Qaeda, n'kuthamangira Saddam. Bush anaoneka wotopa ndi wokwiya msanga. Ambiri anavomereza kuti Kerry anapambana, ndipo mpata womwe unalipo pakati pawo unachepa. Komabe anaponyanso mawu ena omwe anamutsatira: anati dziko likafuna kuyamba nkhondo lisanaukiridwe, lizitha kupambana mayeso a dziko lonse, kutanthauza kuti lizitha kusonyeza anthu ake ndi mayiko ena kuti zifukwa zake n'zomveka. A Bush anawatanthauzira kuti Kerry azikapempha chilolezo ku Paris asanateteze America.

Zotsatira zinali zotani?

Bush anapeza mavoti pafupifupi 62 miliyoni, Kerry 59 miliyoni. Ku America pulezidenti sasankhidwa ndi chiwerengero cha dziko lonse monga kwathu; dera lililonse lili ndi mavoti ake, ndipo wopambana amafunika 270. Bush anapeza 286, Kerry 251. Zonse zinatsamira pa Ohio, dera lomwe nthawi imeneyo linali ndi mavoti 20, kumene Bush anapambana ndi mavoti pafupifupi 118,000. Kerry akanatenga Ohio, akanakhala pulezidenti. Masiku anayi chisankho chisanachitike, bin Laden anatulutsa kanema wolankhula kwa anthu a ku America, ndipo Kerry mwiniwake anadzanena kuti kanemayo anamuwonongera masiku omalizawo.

Anthu a ku Iraq ankatchulidwako mu mkangano umenewu?

Pang'ono kwambiri. Zithunzi za akaidi ozunzidwa m'ndende ya Abu Ghraib zinatuluka mu Epulo 2004, koma Kerry sanazigwiritse ntchito kwenikweni. Munthu amene akuimbidwa kale mlandu wonyoza asilikali mu 1971 sakanayerekeza. Mu Seputembala Kofi Annan, yemwe anali mlembi wamkulu wa United Nations, anauza BBC kuti nkhondoyo inali yosemphana ndi malamulo a United Nations. Mwezi womwewo asilikali a America ofera ku Iraq anapitirira 1,000. Kumapeto kwa Okutobala magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku woyerekeza kuti anthu a ku Iraq pafupifupi 100,000 anali atafa chifukwa cha nkhondoyo, chiwerengero chomwe chinatsutsidwa kwambiri ndi maboma a America ndi Britain. Dziko la America, lomwe linali pakati pa zonsezi, linatha pafupifupi mwezi wathunthu likukangana za kukula kwa bala lomwe munthu mmodzi anavulala zaka 35 m'mbuyomo.

Kodi voti ya mu 2002 inathera pa Kerry yekha?

Ayi. John Edwards, yemwe anaima naye ngati wachiwiri, analemba mu Novembala 2005 kuti analakwitsa. Kerry nayenso anadzavomereza zomwezo. Pepani sapoletsa chilonda, koma pa ndale amathandiza kutsegula njira. Hillary Clinton anakana kupepesa mu 2008, ndipo anagonja mu chipani kwa Barack Obama, amene pa 2 Okutobala 2002, ali phungu wa nyumba ya malamulo ya Illinois chabe, anauza anthu ku Chicago kuti sadana ndi nkhondo zonse koma nkhondo yopusa. Obama anali asanakhale seneta wa dziko lonse, choncho sanakumane ndi voti ija. Amene anamupatsa mwayi wolankhula pa msonkhano wa ku Boston mu 2004, mwayi womwe unamutchukitsa, anali a kampeni ya Kerry.

Mu 2013 Kerry anakhala nduna yoona za kunja m'boma la pulezidenti Obama. Mu Ogasiti chaka chomwecho anthu mazanamazana anaphedwa ndi mpweya wa poizoni ku Ghouta, kufupi ndi Damascus, ndipo Kerry ndi amene anatumidwa kukopa aphungu ndi mayiko ena kuti America iphulitse malo a asilikali a Syria. Anakaonekera pamaso pa komiti yomwe ija anaiyankhula mu 1971, kumbuyo kwake kuli otsutsa nkhondo. Kulikonse kumene anapita ankafunsidwa za Iraq ndi umboni wa Colin Powell. Nyumba ya malamulo ya Britain inakana kutengako mbali ndi mavoti 285 kwa 272, ndipo ku Washington voti ya nyumba zonse sinachitike n'komwe, chifukwa America ndi Russia anagwirizana zoti Syria ipereke zida zake za poizoni kuti ziwonongedwe.